Mwana wokonda kujambula ndi kupeka nthano: ayambire pati kuphunzira khodi?

Funso: Ndili ndi ana awiri, wamkazi wa zaka 10 ndi wamwamuna wa zaka 6. Wamkuluyo amatha tsiku lonse akujambula ndi kupeka nthano. Ndinamuyambitsa maphunziro a khodi a pa intaneti, aja oyendetsa kanthu pasikirini mpaka kakafike pamalo ena, koma patangotha milungu iwiri anati zamutopetsa. Kodi khodi ndi ya ana okonda masamu okhaokha? Ine sindinaphunzirepo zimenezi, ndipo kompyuta tili nayo imodzi. Ndiyambire pati?

Yankho: Mayi, khodi, kutanthauza malangizo amene timapatsa kompyuta kuti iwatsatire, si ya ana okonda masamu okhaokha, ndipo zimene mwafotokoza za mwana wanu wamkuluyo n'zolimbikitsa kwambiri. Mwana amene amapeka nthano amadziwa kale kuti zinthu zimachitika motsatana, kuti ichi chikachitika icho chimatsatira, ndiponso kuti munthu wa m'nthano akasankha njira ina nkhani imakathera kwina. Maziko a khodi ndi omwewo. Chimene chinamutopetsa ndi mtundu wa maphunzirowo. Maphunziro oyendetsa kanthu kuti kakafike pamalo amene wina anakonzeratu ali ndi yankho limodzi lokhoza, ndipo aliyense akamaliza amakhala ndi chinthu chofanana ndi cha mnzake. Amathandiza ndithu kwa maola awiri kapena atatu oyambirira, pozoloweretsa dzanja kukoka ndi kulumikiza malangizo. Koma mwana wozolowera kusankha yekha mtundu wa chovala cha munthu amene akumujambula sangakhalitse pamene palibe akumufunsa maganizo ake. Ndiye dongosolo litembenuzeni: patsogolo pakhale chimene iye akufuna kunena, khodi ibwere pambuyo ngati chida chonenera.

Maganizo amenewa ndi akale. Mu 1967 Seymour Papert, Wally Feurzeig ndi Cynthia Solomon anapanga chilankhulo cha kompyuta chotchedwa Logo, chopangira ana. Kenaka chilankhulochi chinadzakhala ndi kamba amene mwana ankamulamula kuti apite patsogolo kapena akhote, iye n'kumasiya mzere m'mbuyo mwake. Papert, amene anagwirapo ntchito ndi Jean Piaget ku Geneva pofufuza mmene ana amaganizira, ankaphunzitsa kuti mwana amamvetsa bwino akamapanga chinthu chooneka chimene mwiniwakeyo akuchifuna, choti angaonetse ena. Pa maziko omwewa panamangidwa Scratch, pulogalamu ya khodi ya ana, imene inatuluka mu 2007 kuchokera ku gulu la Lifelong Kindergarten ku Media Lab ya yunivesite ya MIT ku America, lotsogoleredwa ndi Mitchel Resnick. Iwo amafanizira chida chabwino ndi nyumba: polowera pakhale potsika kuti woyamba kumene asavutike, denga likhale lalitali kuti wodziwa asachepekedwe malo, ndipo makoma atalikirane kuti mulowe ana okonda zinthu zosiyanasiyana. Mfundo ya makomayi, imene Resnick anawonjezera, ndi imene ikukhudza mwana wanu.

Choncho kwa wa zaka 10 ndikukulangizani Scratch. Ndi yaulere, inapangidwira makamaka ana a zaka 8 mpaka 16, ndipo mtundu umene ukugwiritsidwa ntchito panopa, Scratch 3.0, unatuluka mu Januwale 2019. Mungaigwiritse ntchito pa intaneti pa scratch.mit.edu, kapena kuichita dawunilodi kamodzi n'kumaitsegula popanda intaneti. Malangizo ake mwana sachita kuwalemba pa kiyibodi. Ndi tizidutswa tamitundumitundu tolumikizana, ndipo kachidutswa kosayenera pamalo sikalowa, moti vuto la kuphonya chilembo kulibe. Mawu a patizidutswato angasinthidwe m'zilankhulo zoposa 70, koma pano ndiwatchula monga aliri m'Chingerezi kuti muwazindikire pasikirini. Zimene atengambali a m'nthano amanena, mwana amalemba kapena kujambula mawu ake m'chilankhulo chilichonse chimene akufuna, ndipo musamuletse kutero.

Tsiku loyamba musayambire pakompyuta. Mupatseni pepala aligawe m'mabokosi anayi, ndipo m'bokosi lililonse aonetse amene alipo, kumene ali, chimene akuchita ndi chimene akunena. Ikani malire: atengambali awiri, malo awiri, nthano yosapitirira masekondi 30. Malirewa ndi ofunika kuposa mmene amaonekera. Ana ena amasiya khodi chifukwa ayamba ndi chinthu chachikulu, monga gemu ya magawo 20, ndiye sabata imatha osaona chilichonse chikugwira ntchito. Akabwera ndi maganizo aakulu musawakane. Alembeni papepala lina la zam'tsogolo, kenaka mufunseni kuti ndi kachigawo kati kamene akufuna kukaona kakuyenda lero lomwe. Mphindi 40 kapena 45, kawiri pa sabata, n'zokwanira, ndipo ndi bwino kuleka akadali ndi chilakolako chopitiriza.

Scratch ikatseguka mumapeza mphaka pabwalo loyera. Mphakayo amufufute, aikepo wake. Zimenezi zimasintha mtima wa mwana nthawi yomweyo. Angajambule mu Scratch momwemo, pagawo la "Costumes", kapena mungatole ndi foni chithunzi chimene wajambula papepala, n'kuchilowetsa ndi batani la "Upload Sprite". Pa njira yachiwiriyi, ajambule papepala loyera ndi mizere yakuda yokhuthala, ndipo mutole pamalo owala opanda mthunzi. Chithunzicho chimalowa ndi pepala lake lonse, moti mtengambali amayenda atanyamula bokosi loyera lobisa zakumbuyo. Afufute zoyera zozungulirazo ndi chofufutira cha pagawo lojambulira. Pagawo lomwelo pali kamtanda kakang'ono pakati penipeni. Pakati pa chithunzi pazikhala pa kamtandako, chifukwa Scratch imatenga pamenepo kukhala pakati pa mtengambali. Chikakhala pambali, mtengambali akauzidwa kuti atembenuke amazungulira ngati womangidwa pachingwe, ndipo akatumizidwa pamalo ena amakafika cham'mbali. Mwana amafufuza vutoli m'malangizo ake osalipeza, popeza lili m'chithunzi.

Kuti mtengambali aoneke ngati akuyenda, pamafunika zithunzi ziwiri zokha za iye yemweyo, miyendo itasiyana. Mkati mwa "repeat 10", kachidutswa kobwereza malangizo maulendo khumi, aikemo "move 10 steps", "next costume" ndi "wait 0.2 seconds". Kudikirako kukasowa, zithunzi zimasinthana pafupifupi maulendo 30 pa sekondi, ndipo maso amangoona kuphethiraphethira. Mulekeni asinthe manambalawo yekha: 0.1 ndi kuthamanga, 0.5 ndi kuyenda kwa munthu wotopa. Apa khodi yayamba kale kukhala luso, chifukwa nambala imene wasankha ikunena mmene mtengambaliyo akumvera.

Pa zokambirana za atengambali m'pamene phunziro lalikulu loyamba limabwera, ndipo ndikufuna ndikhalepo pang'ono. Njira imene mwana amaipeza yekha ndi iyi: woyamba anena mawu ndi "say for 2 seconds", wachiwiri adikira masekondi awiri kenaka ayankha, woyamba nayenso adikira, choncho. Zimayenda bwino mizere ikakhala inayi. Koma wopeka nthano sachedwa kufuna kuwonjezera mawu pakati, ndipo akangotero nthawi zonse zapansi zimasokonekera, awiriwo n'kumalankhula pamodzi. Musamuchenjezeretu. Mulekeni akumane nalo vutolo, aone kuwawa kwa kuwerengeranso masekondi a mzere uliwonse, kenaka mumuonetse "broadcast". Kameneka ndi kachidutswa kotumiza uthenga: woyamba akamaliza kulankhula amatumiza uthenga, ndipo wachiwiri ali ndi "when I receive" kamene kamamudzutsa uthengawo ukafika. Tsopano mzere uliwonse ungatalike kapena kufupika popanda kuwononga ina. Mwana amene walandira chida chimenechi atachisowa sachiiwala, pamene amene wachiphunzira monga mutu wa tsikulo amachiiwala mawa lake. Mauthengawo aziwapatsa mayina omveka, monga "mlendo wafika" kapena "chitseko chatseguka", chifukwa akangowasiya "message1" ndi "message2" amasochera akafika asanu. Ngati wajambula mawu ake ndi maikolofoni, agwiritse ntchito "play sound until done". Kena kaja ka "start sound" kamangoyambitsa mawu n'kudumphira ku langizo lotsatira, ndiye mawu amaunjikana.

Vuto limene limagwetsa ana ambiri mphwayi ndi ili: nthano yayenda bwino ulendo woyamba, koma podinanso mbendera yobiriwira, batani loyambitsira nthanoyo, zonse zili balalabalala. Mtengambali akuyambira kumene anathera, wakula, wayang'ana kumbuyo, mwinanso wasowa kumene. Chifukwa chake n'chakuti Scratch siibweza chilichonse yokha. Chinthu chimakhala mmene langizo lomaliza linachisiyira. Amene anabisidwa ndi "hide" kumapeto kwa nthano amakhalabe wobisika, ndipo mwana amaganiza kuti chithunzi chake chafufutika. Mankhwala ake ndi chizolowezi chimodzi: pansi penipeni pa "when green flag clicked", mtengambali aliyense akhale ndi malangizo omukonzekeretsa, monga "go to x y" womuika pamalo oyambira, "point in direction 90" womuyang'anitsa kumanja, "set size to 100%", "switch costume" ndi "show". Bwalo nalo libwezeredwe chithunzi chake choyamba chakumbuyo. Mungamufotokozere kuti n'chimodzimodzi ndi sewero, pamene aliyense amabwerera pamalo ake chinsalu chisanatsegulidwe. Manambala a x ndi y asakuopseni. Bwalo ndi lalikulu masitepe 480 m'litali ndi 360 kuchokera pansi kufika pamwamba, pakati pake ndi 0 ndi 0, x amachokera pa -240 kumanzere kufika pa 240 kumanja, ndipo y amachokera pa -180 pansi kufika pa 180 pamwamba. Sayenera kuloweza. Akakokera mtengambali pamene akufuna, manambala a pa kachidutswa ka "go to" kamene kali m'ndandanda wakumanzere amasintha okha, iye n'kungokatenga.

Nthano yoyamba ikatha, yachiwiri ikhale yoti woonera azisankha. Mtengambali afunse ndi "ask and wait", yankho limasungidwa mu "answer", ndipo "if then else" amagawa nkhani panjira ziwiri. Pali misampha iwiri. Scratch siisiyanitsa zilembo zazikulu ndi zazing'ono poyerekeza mawu, koma imawerengera mpata, moti "inde" wokhala ndi mpata kumapeto sali wofanana ndi "inde" wopanda mpata. Kachidutswa ka "contains" kamachepetsa vutoli chifukwa kamangoyang'ana ngati mawuwo alimo. Msampha wachiwiri ngwakuti "answer" amasunga yankho lomaliza lokha. Akafunsa dzina la woonera, kenaka n'kufunsa funso lina, dzina lija lapita. Apa m'pamene mwana amafunikira variable, kabokosi kokhala ndi dzina kosungiramo mawu kapena nambala, ndipo amakamvetsa msanga chifukwa akufuna kuti mtengambali wake atchule dzina la mnzake kumapeto kwa nthano.

Popeza amakonda kujambula, musalephere kumutsegulira cholembera. Pansi kumanzere pali batani lowonjezera zida, musankhe "Pen". Tsopano mtengambali amasiya mzere akamayenda, ngati kamba wa Logo uja. Sikweya ndi "repeat 4", mkati mwake "move 100 steps" ndi "turn 90 degrees". Muuzeni apange cha makona atatu, ndipo pafupifupi mwana aliyense, ngakhale akuluakulu ambiri, amaika madigiri 60, n'kupeza mizere itatu yosatsekeka. Chifukwa chake n'chakuti 60 ndi kukula kwa kona mkati, pamene woyendayo amakhota ndi zotsala pa 180, zomwe ndi 120. Musamufotokozere ndi mawu. Aimirire, ayende pansi mochita makona atatu, aone mmene thupi lake likutembenukira kwambiri pakona iliyonse, ndiponso kuti pomaliza wayang'ananso kumene anayang'ana poyamba. Watembenuka kamodzi kathunthu, madigiri 360. Lamulo lake latuluka pamenepo: gawani 360 ndi chiwerengero cha mbali. Mbali zisanu ndi madigiri 72, zisanu n'imodzi ndi 60, ndipo mbali 36 zokhota madigiri 10 zimaoneka ngati chozungulira. Nyenyezi ya nsonga zisanu imafuna 144, chifukwa woyendayo amazungulira kawiri, 720 kugawa ndi 5.

Chokoma chimabwera akaika kubwereza mkati mwa kubwereza kwina. Sikweya ija aibwereze maulendo 36, akukhota madigiri 10 ndi kusintha mtundu ndi "change pen color by 10" pakutha pa sikweya iliyonse. Patuluka duwa lamitundumitundu limene dzanja silingajambule mosavuta, ndipo akasintha nambala imodzi patuluka lina. Ana amatha ola lathunthu pamenepa, ndipo ndi nthawi yopindulitsa, musawathamangitse. Duwalo likapindika mbali imodzi, ndiye lagunda malire: Scratch siilola mtengambali kutulukiratu m'bwalo, imamukankhira mkati, mizere n'kusokonekera. Sikweya ya masitepe 100 yoyambira pakati imakwana, chifukwa kona yake yakutali imafika masitepe pafupifupi 141. Ya masitepe 150 imafika pa 212, kupitirira 180 wa pamwamba. Pakaoneka mzere wosafunika wodutsa pachithunzi, ndiye cholembera chinali pansi pamene mtengambali amabwerera poyambira. Dongosolo loyenera ndi "pen up", "go to", "erase all", kenaka "pen down".

Tsiku lina adzafuna gemu. Zovuta zake n'zodziwika. Akaika "if touching" payekha, kompyuta imayang'ana kamodzi kokha pamene mbendera yadinidwa, n'kupitirira, ndiye kugundana kukachitika palibe chimene chimachitika. Aziika mkati mwa "forever", kachidutswa kobwereza mosalekeza. Akatero mapointi amayamba kukwera ngati madzi osefukira, chifukwa kugundana kwa sekondi imodzi kumawerengedwa maulendo ambirimbiri. Chinthu chogundidwacho chichotsedwe pamalopo nthawi yomweyo, kapena aike "wait until not touching". Mtengambali akadodoma kaye batani likadinidwa asanayambe kuyenda, ndi chifukwa cha "when key pressed", kamene kamatsatira kachitidwe ka kiyibodi kodikira pang'ono isanabwereze chilembo. Mayendedwe osalala amabwera ndi "if key pressed" mkati mwa "forever". Akaima chadodolido atagunda malire, "set rotation style left-right" amakonza. Mvula kapena nyenyezi zopangidwa ndi "create clone", kachidutswa kochulukitsa mtengambali mmodzi, zikaleka kutuluka, zafika pa malire a 300, ndipo iliyonse iyenera kudzifufuta ndi "delete this clone" ikamaliza ntchito. Ndipo zonse zikaoneka zolondola koma osagwira ntchito, yang'anani ngati malangizowo sanaikidwe pa mtengambali wina. Zimachitika kawirikawiri.

Mwati simunaphunzirepo zimenezi. Musadandaule, chifukwa ntchito yanu ndi ina. Lamulo loyamba: manja anu asagwire mausi. Wamkulu akalanda mausi kuti akonze, vuto limatha m'masekondi khumi, koma pulojekiti yasiya kukhala ya mwanayo, ndipo ulendo wotsatira amangokuitanani asanayese. Akakakamira, mufunseni mafunso atatu motsatana: umafuna kuti chichitike n'chiyani, chachitika n'chiyani, ndipo wasintha chiyani komaliza zinthu zisanasokonekere? Kenaka awerenge malangizo ake mokweza, kachidutswa kamodzikamodzi, inu mukuchita zimene akuwerengazo ndi thupi lanu, osawonjezera zimene sanalembe. Nthawi zambiri asanafike kumapeto amafuula yekha kuti waona. Zikakanika, achotse theka la tizidutswa aliike pambali, ayese theka lotsalalo. Angaikenso "wait 1 seconds" pakati pa malangizo kuti aone zikuchitika pang'onopang'ono, kapena "say" kuti mtengambali anene nambala imene ili m'kabokosi panthawiyo. Azisintha chinthu chimodzi n'kuyesa, osati zitatu pamodzi. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha. Komabe kudekha kuli ndi malire ake: akavutika mphindi 10 kapena 15 osasuntha ndipo nkhope yayamba kugwa, mulozereni dera limene muli vuto ngati mwaliona, kapena apume, adzabwerere mawa.

Poona ntchito yake, pewani kungoti "zabwino" n'kudutsa. Tchulani chimene mwaona, monga kuti mtengambali anadikira kaye asanayankhe ndipo zinakuchititsani kufuna kudziwa chimene anene. Mufunseni chifukwa chimene anasankhira mtundu wakuda pagawo lachiwiri. Khodi yake ikakhala yaitali ndi yobwerezabwereza koma ikugwira ntchito, isiyeni. Adzafuna yekha njira yachidule akadzatopa ndi kusintha chinthu chimodzi m'malo asanu ndi atatu, ndipo pamenepo "My Blocks", gawo lopangira tizidutswa take, lidzamveka. Za mavidiyo ophunzitsa a pa YouTube, si oipa, koma mwana akhoza kutsatira khumi n'kukhala ndi magemu khumi a eni ake osadziwa mmene imodzi imagwirira ntchito. Mugwirizane kuti akatsatira vidiyo asinthe zinthu zitatu, ndipo chimodzi mwa izo chikhale lamulo la gemuyo, osati mtundu wokha.

Wa zaka 6 asakakamizidwe Scratch, chifukwa imafuna kuwerenga ndiponso manambala ochepera 0. Yake ndi ScratchJr, ya ana a zaka 5 mpaka 7, imene inatuluka mu 2014, yopangidwa mogwirizana ndi gulu la Marina Umaschi Bers ku Tufts University, gulu la ku MIT lija ndi Playful Invention Company. Inapangidwira matabuleti. Tizidutswa take tili ndi zizindikiro m'malo mwa mawu ndipo timalumikizana kuchokera kumanzere kupita kumanja monga mmene timawerengera. Bwalo lake ndi timabokosi 20 m'litali ndi 15 kupita m'mwamba, pulojekiti imodzi imafika masamba anayi, ndipo mauthenga ndi maenvulopu a mitundu isanu n'umodzi. Angajambule mawu ake, angaikenso nkhope yake pa mtengambali ndi kamera. Mphindi 15 kapena 20 n'zokwanira. Ngati tabuleti palibe, sanataye kanthu. Jambulani mivi pa timapepala, yopita patsogolo, yokhotera kumanja ndi kumanzere, ndi kapepala kena kotanthauza kubwereza katatu. Iye ayale timapepalato kupanga mayendedwe ovina kapena ulendo wa m'nthano yake, wina atsatire ndendende.

Pa kompyuta imodziyo, njira yodziwika ndi yoti mmodzi agwire mausi, wina anene chochita, n'kumasinthana mphindi zisanu kapena khumi zilizonse. Imayenda bwino kwa ana a msinkhu wofanana. Kwa wa zaka 10 ndi wa zaka 6, wamkulu amalanda zonse, wamng'ono n'kungoonerera. Ndi bwino aliyense akhale ndi nthawi yake, ndipo akamagwirira limodzi wamng'onoyo apatsidwe gawo lenileni lodziwika: ajambule mtengambali mmodzi, alankhule mawu ake, ndipo akhale woyamba kuyesa gemu. Woyesa wa zaka 6 ndi wamtengo wapatali, chifukwa amadina mabatani amene wopangayo sanawaganizire.

Kusunga ntchito musakutenge mopepuka, popeza palibe chimene chimapweteka mwana ngati kutaya nthano ya masiku atatu. Scratch ya pa intaneti imasunga yokha akalowa mu akaunti, koma ya popanda intaneti siitero. Azisunga yekha ndi "Save to your computer" mphindi khumi zilizonse, ndipo asanayese chinthu chachikulu asunge fayilo ina yokhala ndi nambala, monga nthano1, nthano2. Mafayilo ake amathera ndi .sb3. Za kugawana ndi ena pa intaneti, yambani ndi oonera a m'nyumba. Mukadzatsegula akaunti, dzina lake lisakhale dzina lenileni la mwanayo, ndipo asatchule kumene amakhala kapena sukulu yake, ngakhale m'mawu ojambulidwa. Mufotokozereni pasadakhale kuti chilichonse chikagawidwa pa Scratch, aliyense angatsegule khodi yake, kuitenga n'kuisintha, bola athokoze mwiniwake. Mwana wojambula amene sanauzidwe zimenezi amakhumudwa kwambiri akaona chithunzi chake m'pulojekiti ya wina. Akauzidwa, amapindula nazo, chifukwa batani la "See inside" limamulola kuona mmene ena anapangira zimene zamusangalatsa. Mumuyang'anirenso kuti asayambe kupanga zinthu pofuna timitima ndi nyenyezi za oonera basi.

Musathamangire khodi yolemba ndi zilembo poganiza kuti ya tizidutswa ndi yachibwana. Kubwereza, kusankha, mauthenga ndi timabokosi tosungira zinthu n'zomwezo m'zilankhulo zonse. Nthawi yosamukira imadziwika ndi zizindikiro: akudandaula kuti kukoka tizidutswa kukumuchedwetsa, akufuna chinthu chimene Scratch siingathe, ndipo amalemba pa kiyibodi popanda kusakasaka chilembo chilichonse. Kumene apite kutsatire chimene amakonda. Wa nthano angayese Twine, imene Chris Klimas anatulutsa mu 2009, yolembera nkhani za njira zambiri. Wa nyimbo angayese Sonic Pi ya Sam Aaron, mmene "play 60" imaliza noti ya C yapakati ndipo "sleep 0.5" imadikira theka la kugunda. Wofuna chinthu chogwirika angakonde micro:bit, kachipangizo kamene BBC inagawira ana a sukulu ku United Kingdom mu 2016, kokhala ndi timagetsi 25 ndi mabatani awiri.

Kwa wojambula ngati wanuyu, khomo labwino ndi Python, chilankhulo cha khodi yolemba ndi zilembo, imene imabwera ndi kamba wake wotchedwa turtle. Pulogalamu ya Thonny ndi yosavuta kulemberamo. Ntchito yoyamba ikhale chinthu chimene anapanga kale mu Scratch, kuti chachilendo chikhale kalembedwe kokha. Nyenyezi ija ndi mizere inayi: "from turtle import *", kenaka "for i in range(5):", ndipo pansi pake, molowa mkati ndi mipata inayi, "forward(100)" ndi "right(144)". Zolakwika zoyamba zimakhala zitatu: kuiwala timadontho tiwiri ta kumapeto kwa mzere wa "for", kusalowetsa mkati mizere yobwerezedwa, ndi kulemba chilembo chachikulu pamene pafunika chaching'ono. Uthenga wofiira ukatuluka, awerenge mzere womaliza kaye, kenaka nambala ya mzere imene yatchulidwa, ndipo ngati pamenepo sakuonapo vuto ayang'ane mzere wa pamwamba pake. Fayilo yake asaipatse dzina lakuti turtle.py, chifukwa Python idzatsegula fayilo yakeyo m'malo mwa kamba weniweni, ndipo palibe chidzajambulidwe.